Momwe ndinapezera vuto la kuphonya moto mu injini ya turbo

Galimoto yanga ya petulo yokhala ndi turbo inayamba kunjenjemera ndi kudodoma ndikaponda moto pokwera chitunda, koma ikamalira itaima inkamveka bwinobwino. Nyali ya check engine itayamba kuphethira ndinasiya kuiyendetsa, chifukwa petulo wosapsa akafika mu catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi wa injini, amaitenthetsa mpaka kuiwononga.

Kachipangizo ka OBD-II, kowerengera zovuta zomwe kompyuta ya galimoto yapeza, kanaonetsa khodi ya P0302, kutanthauza kuti silinda yachiwiri ikuphonya moto, ndiye kuti petulo sakuyaka bwino m'menemo. Sindinathamangire kugula zinthu zatsopano, poti kusintha zipangizo mongoganizira kumatha ndalama vuto lili pomwepo. Ndinasinthanitsa koyilo (chipangizo chopereka magetsi amphamvu ku pulagi) ya silinda yachiwiri ndi ya yachitatu, ndinafufuta khodiyo n'kuyendetsanso galimotoyo. Koyilo ikanakhala yowonongeka, khodi ikanasamukira ku P0303, ya silinda yachitatu, koma inabweranso P0302.

Apa ndipamene ndinamasula pulagi ya silinda yachiwiri, yomwe imathetheka moto woyatsa petulo. Nsonga yake inali itadyeka, ndipo mpata wodumphapo moto unali utakula kupitirira muyeso wolembedwa m'buku la galimotoyo. Izi zinandimasulira chifukwa chake vutoli linkaoneka pachitunda pokha: turbo ikapanikiza mpweya wambiri mu silinda, moto umafunika mphamvu yamagetsi yochuluka kuti udumphe mpatawo, choncho pulagi yotha imayatsa bwino injini ikamalira pang'onopang'ono, koma imalephera injiniyo ikalemedwa.

Ndinasintha mapulagi onse anayi, popeza anali atagwira ntchito nthawi yofanana, ndinayeza mpata wa iliyonse ndi feeler gauge (tizitsulo topyapyala toyezera mipata), n'kuwamanga ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira). Chitunda chomwe chija ndinachikwera kawiri, khodi sinabwererenso.