Kuchepetsa vidiyo kuti isamadukeduke pa webusaiti

Vidiyo yochokera pa foni musaiike pa webusaiti momwe yabwereramo. Mphindi imodzi ya 4K yojambulidwa pa iPhone imafika 170 MB, ndipo woonera wa bandulo yochepa amatseka isanayambe n'komwe.

Gwiritsani ntchito HandBrake, pulogalamu ya pa kompyuta yochepetsera vidiyo, ndi yaulere. Sankhani MP4, mtundu wa chithunzi ukhale H.264, wa mawu ukhale AAC pa 128 kbps. Mtundu wina wotchedwa HEVC umachepetsa fayilo kwambiri, koma si browser iliyonse imene imausewera, choncho H.264 ndiye yodalirika. Tsitsani kukula kwake kufika pa 720p, chifukwa pa sikirini ya foni kusiyana kwake ndi 1080p sikuoneka kwenikweni. RF, nambala yolamula kuoneka bwino kwa chithunzi, muiike pakati pa 22 ndi 24. Nambalayi ikamakwera fayilo imachepa, koma mukapyola 28 nkhope za anthu zimayamba kuoneka timabokosi, makamaka pamalo amdima.

Chimene ambiri amaiwala ndi kuchonga pa Web Optimized mu HandBrake. Fayilo ya MP4 ili ndi kagawo kotchedwa moov, kamene kamauza browser pomwe pali chithunzi chilichonse, ndipo nthawi zambiri kamalembedwa kumapeto. Kakakhala kumeneko, browser imayenera kukafufuza kumchira kaye, woonera n'kumangoyang'ana kachizindikiro kozungulira. Kuchongako kumakabweretsa kutsogolo. Ngati mukugwiritsa ntchito ffmpeg, pulogalamu ina yoilamula pochita kulemba, lembani -movflags +faststart, muwonjezerenso -pix_fmt yuv420p kuti vidiyoyo itseguke paliponse.

Vidiyoyo ikakhala yongokongoletsa tsamba, chotsani mawu (pa ffmpeg lembani -an), popeza Chrome ndi Safari kawirikawiri salola vidiyo yamawu kuyamba yokha.

Fayilo yoyambirira muisunge. Mukafuna kukonzanso yambirani pa iyoyo, chifukwa yochepetsedwa kale ikachepetsedwanso chithunzi chimafuwirira.