Momwe mungakonzere firewall pa rauta ya MikroTik osadzitsekera kunja

Rauta yomwe ndikukamba pano ndi MikroTik hAP, kakang'ono kaja kamene mumakaona m'maofesi ang'onoang'ono ndi m'mashopu osindikizira mapepala. Ndinaikonza pashopu ya mlamu wanga ku Lilongwe, pomwe pali makompyuta anayi, printa imodzi ndi mafoni a antchito. Intaneti imachokera pa rauta ya 4G, ndipo ntchito ya MikroTik ndi kuima pakati ngati mlonda wa pageti. Firewall ndi malamulo omwe mlondayo amatsatira posankha zoti zidutse ndi zoti zikanidwe.

Choyamba, pogula samalani. Yatsopano mtengo wake ndi wowawa ndithu, makamaka kwacha ikamagwa, ndiye ambiri amathamangira yogwiritsidwa kale ntchito. Palibe cholakwika, koma ogulitsa ena amakupatsani rauta yomwe anaichotsa pa ofesi ina osafufuta kanthu, mayina a anthu olowera akadali momwemo. Ndiponso onetsetsani adaputala ya magetsi. Wina anafuna kundipatsa ya chipangizo china, akuti "imalowa bwinobwino". Kulowa sindiko kuyenera. Werengani ma volts, mphamvu ya magetsi, olembedwa pansi pa rauta. Mukafika nayo n'kulowamo monga ndikufotokozera m'munsimu, pitani pa System, Reset Configuration, muisiye ibwerere mmene inachokera ku fakitale.

Chingwe chochokera pa rauta ya 4G chilowe pa bowo la MikroTik lolembedwa ether1. Laputopu yanu ilowe pa ether2. Tsegulani WinBox, pulogalamu yokonzera rauta za MikroTik, yomwe muyenera kuitenga pa webusaiti ya MikroTik yeniyeni osati pa flashi ya mnzanu, ndipo lembani 192.168.88.1. Dzina ndi admin. Zakale zinkabwera zopanda pasiwedi, zatsopano pasiwedi imalembedwa pa kapepala komatidwa pa rautayo. Mukangolowa, pa System, Users, pangani dzina lanu lokhala ndi ufulu wonse ndi pasiwedi yaitali, mutuluke, mulowe ndi dzina latsopanolo, kenako muzimitse admin.

Musanakhudze china chilichonse, pitani pa System, Packages, Check For Updates. Izi si zongokometsera. M'chaka cha 2018 munapezeka chibowo mu WinBox chomwe chinkalola akuba kuwerenga mapasiwedi ali kutali, ndipo chinatsekedwa mu RouterOS 6.42.1 (RouterOS ndi pulogalamu yoyendetsa rautayo). Rauta yachikale yomwe yakhala m'katoni zaka zambiri ikhoza kukhala nachobe. Bandulo yomwe mungawononge apa ndi yochepa. Koma onetsetsani kuti magetsi sakuzimirani pakati pa ntchitoyi.

Kenako pa IP, Services, zimitsani telnet, ftp, api ndi api-ssl, omwe ndi makomo ena olowera mu rauta. Ngati simugwiritsa ntchito ssh ndi www, nazonso zizime. Siyani winbox yokha pa 8291, ndipo pa Available From mulembe 192.168.88.0/24 kuti olowa azikhala a m'nyumbamo basi.

Tsopano tafika pamene ine ndinapsa napo.

Firewall ya MikroTik ili pa IP, Firewall, Filter Rules. Malamulo a input amayang'anira zobwera kwa rauta yeniyeniyo, pomwe a forward amayang'anira zongodutsa, kuchoka pa kompyuta kupita pa intaneti kapena kubwerera. Chofunika kuchisunga pamtima ndi ichi: rauta imawerenga malamulo kuchokera pamwamba kutsika pansi, ndipo ikapeza loyamba logwirizana ndi zomwe zabwera, imachita lomwelo, otsalawo osawayang'ananso.

Tsiku limenelo linali Loweruka masana, shopu ili yodzaza ndi anthu osindikiza makalata ofunsira ntchito. Ndinali nditafufuta malamulo onse obwera ndi rauta poganiza kuti ndilemba anga oyera bwino. Ndinayamba ndi lamulo lomwe limayenera kukhala lomaliza: chain input, action drop, popanda kutchula kuti zochokera kuti. Nditangodina OK, WinBox inaima, kenako inatseka. Rauta inali itayamba kukana aliyense, ine ndemwe. Pasanathe mphindi, mtsikana wa pa kauntala anakuwa kuti, "Achimwene, intaneti yathawa!" Chifukwa chake ndi chakuti makompyuta onse amafunsa mayina a mawebusaiti kwa rautayo, pa 192.168.88.1, ndipo mafunso amenewo amadutsa pa input. Nditatseka input ndinatsekanso DNS, yomwe imayankha mafunso amenewo. Intaneti inalipo, koma palibe kompyuta yomwe ikanadziwa kuti Gmail ili kuti.

Pali khomo lakumbuyo lomwe likanandipulumutsa. Mu WinBox, pa Neighbors, mukhoza kulowa podina MAC address, nambala yomwe rauta imabwera nayo ku fakitale, m'malo mwa adiresi ya IP ija, ndipo njira imeneyi siidutsa pa malamulo a IP firewall. Tsoka ilo, ndinali nditazimitsa kale MAC WinBox pa Tools, MAC Server, pofuna kukhwimitsa chitetezo. Backup ndinalibe. Chomwe chinatsala ndi kuzula chingwe cha magetsi, kukanikiza batani la reset, kubwezera magetsi batani ndili chikanikizire mpaka getsi layamba kuphethira, n'kulisiya. Ntchito ya maola awiri inapita, makasitomala ena anatuluka osathandizidwa, ndipo mlamu wanga anataya ndalama tsiku lomwe amagulitsa kwambiri. Zinandipweteka, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba izi.

Ndiye chitani motere. Musanalembe lamulo lililonse, dinani batani la Safe Mode pamwamba pa WinBox. Mukadzitsekera kunja muli mu Safe Mode, rauta imaona kuti mwadukizidwa ndipo imabweza zonse zomwe munasintha. Nthawi zina mumadikira mphindi zingapo, koma zimabwerera. Mukaona kuti lamulo likuyenda bwino, dinaninso batanilo kuti zisungike, kenako muliyatsenso musanapitirire. Muzichita pang'onopang'ono chonchi, osaunjika zosintha zambiri.

Ndipo malamulo obwera ndi rauta musawafufute. Ndi abwino kale. Ngati mukulemba anu, ndondomeko ya input ikhale iyi: loyamba lilole established ndi related, zomwe ndi mayankho a zinthu zomwe rauta inayamba yokha kapena kulumikizana komwe kulipo kale. Lachiwiri litaye invalid. Lachitatu lilole icmp kuti ping, yoyesera ngati rauta ikuyankha, izigwira. Lomaliza litaye chilichonse chosachokera ku LAN, netiweki yanu ya mkati, ndipo apa pa In. Interface List musankhe LAN n'kudina kabokosi ka pambali kuti pabwere chizindikiro cha !, kutanthauza "zosachokera kuno". Kachizindikiro kameneka ndi komwe kamasiyanitsa kutseka akuba ndi kudzitsekera nokha. Pa forward n'chimodzimodzi: established ndi related zilowe, invalid itayidwe, ndipo zatsopano zochokera ku WAN, mbali ya intaneti, zomwe simunaziitane zitayidwe. MAC WinBox musaizimitsiretu ngati ine, ingoisiyani pa LAN yokha.

Za njira sizovuta. Pa IP, Firewall, NAT payenera kukhala lamulo la srcnat, action masquerade, lotulukira ku WAN, lomwe limalola makompyuta onse kutulukira pa adiresi imodzi ya rauta. Pa IP, Routes muone ngati pali 0.0.0.0/0 yoloza ku rauta ya 4G, yomwe pa ma Huawei ambiri imakhala 192.168.8.1. Ngati DHCP Client, yomwe imatenga adiresi yokha ku rauta ya 4G, ikugwira pa ether1, mzerewu umabwera wokha. Chachikulu n'chakuti manambala a netiweki ya MikroTik ndi a rauta ya 4G asafanane. Ngati kuseri kuli rauta ina yokhala ndi netiweki yake, tinene 192.168.20.0/24, onjezani mzere woloza ku adiresi ya rauta imeneyo, basi.

Wi-Fi ikhale pa WPA2 ndi aes, kapena WPA3 ngati yanu ili nayo. WPS, yolumikizira Wi-Fi osalemba pasiwedi, izime; UPnP, yolola zipangizo kudzitsegulira zokha makomo a ku intaneti, izime. Makasitomala apatseni netiweki yawoyawo yosafika pa printa ndi makompyuta. Woika makamera akakuuzani kuti mutsegule mapoti, makomo olowera kuchokera pa intaneti, kuti muziona shopu muli kunyumba, kanani. Pa intaneti ya mafoni nthawi zambiri sizigwira n'komwe chifukwa adiresi imakhala yogawana ndi anthu ambiri, ndipo pamene zagwira mwatsegulira dziko lonse. RouterOS 7 ili ndi WireGuard, yomwe imakulowetsani mu netiweki ya shopu motetezeka muli kutali, njira yake ndi imeneyo.

Mukamaliza pitani pa Files, dinani Backup, mukokere fayiloyo pa laputopu. Pa New Terminal lembaninso export file=shopu kuti mukhale ndi ina yowerengeka ndi maso. Zonse ziwiri zisungeni pa flashi yomwe siikhala pashopupo.