Kachongedwe ka galamala ya ophunzira zamalamulo mosakondera

Anzanga amene mumachonga maasainimenti a ophunzira zamalamulo, chonde musamathamangire cholembera chofiira. Yambani mwawerenga pepala lonse muone ngati wophunzira wapeza pomwe pagona nkhani, lamulo lake, ndi mmene walilumikizira ku mlanduwo, malikisi ambiri akhale pamenepo.

Kenako galamala ya Chingerezi. Zolakwa zake sizofanana ayi. Pali zija zosintha tanthauzo, monga kulemba may pomwe pakufunika shall, ameneyo wasandutsa chinthu chokakamiza kukhala chilolezo chabe, apa dulani malikisi ndithu ndipo mumuuze chifukwa chake. Zina ndi zongonyansa m'maso basi, kuiwala liwu loti the kapena kusokoneza he ndi she, nanga si pa Chichewa timangoti iye kaya ndi mwamuna kaya mkazi. Zoterezi chongani kamodzi, lembani m'mbali kuti zabwerezedwa, zotsalazo akazisake yekha. Koma he ndi she zikasokoneza mpaka osadziwa kuti wodandaula ndi uti, pamenepo dulaninso.

Kagawidwe ka malikisi muwauziretu asanalembe, mayina abisike muziona nambala yokha. Ine ndikatopa ndimasiya kaye, pepala la 40 limalandira ukali womwe la 3 silinaone.