Momwe mungachepetsere thupi pang'onopang'ono osadzizunza ndi njala

Munthu akatsimikiza zochepetsa thupi, kawirikawiri amayamba ndi kusiya nsima. M'mawa amwa tiyi yekha, masana sadya, kenako cha m'ma 5 koloko ali pamzere wa kombi ku Copacabana mu Harare njala yamufika m'mawondo, agula tchipisi ndi botolo la chakumwa chozizira. Akafika ku Mufakose kapena ku Mabvuku adyanso mitanda itatu chifukwa "lero sindinadye kanthu". Patatha masabata atatu sikelo ili pomwepo, iye n'kumadziona ngati wopanda khama. Vuto lagona pa dongosololo: thupi losowa chakudya tsiku lonse limadzabweza ngongole usiku. Njira yomwe imakhalitsa ndi yodya mokhuta koma mochepetsako pang'ono, kwa miyezi yambiri.

1. Dziwani liwiro loyenera musanayambe

Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori (muyezo wa mphamvu yochokera m'chakudya) pafupifupi 7,700. Mukamachepetsa makalori 500 patsiku pa zomwe thupi limagwiritsa ntchito, pasabata mumatsika pafupifupi theka la kilogalamu. Liwiro lake ndi limeneli: theka la kilogalamu, mukathamanga kwambiri imodzi. Pamwezi ndi makilogalamu 2 mpaka 4, ndipo ambiri amakhala cha ku 2.

Cholinga choyamba chisakhale thupi lomwe munali nalo pa tsiku la ukwati. Yambani ndi magawo 5 mpaka 10 pa 100 a kulemera kwanu. Mayi wolemera makilogalamu 90 akatsika ndi 5 mpaka 9, BP ndi shuga wa m'magazi zimasintha kale mooneka ndipo mawondo amapepukidwa. Makilogalamu 9 amenewo amafuna miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Lembani mwezi umenewo pakalendala lero, kuti sabata yachitatu isadzakukhumudwitseni.

2. Yambani ndi botolo la mafuta ndi sipuni ya shuga

Makalori 500 aja ambiri angawapeze osakhudza nsima n'komwe.

Sipuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120. Botolo la malita 2 lili ndi opitirira 16,000. Ngati m'nyumba ya anthu asanu botolo limatha m'masabata awiri, aliyense akudya makalori oposa 200 patsiku a mafuta okha, osawamva n'komwe pakamwa. Siyani kuthira kuchokera m'botolo. Yezani ndi sipuni: imodzi pa mphika wa masamba monga rape kapena covo, imodzi kapena ziwiri pa mphika wa nyemba wa banja lonse. Anyezi akayamba kupserera thirani madzi pang'ono m'malo mowonjezera mafuta. Botolo likamatha mwezi wathunthu, mwachepetsa kale makalori 100 ndi kanthu, ndiponso ndalama zatsala.

Shuga naye: sipuni yaing'ono ndi magalamu 4, makalori 16. Masipuni atatu m'kapu, makapu atatu patsiku, ndi magalamu 36. Bungwe la WHO limati zingakhale bwino shuga wothira asapitirire magalamu pafupifupi 25 patsiku, omwe ndi masipuni aang'ono 6. Musasiye shuga yense tsiku limodzi; chotsani theka la sipuni sabata iliyonse mpaka lilime lizolowere.

Zakumwa ndiye zimabera anthu kwambiri chifukwa sizikhutitsa. Botolo la 500 ml la chakumwa chozizira cha shuga lili ndi makalori pafupifupi 200 ndi masipuni a shuga okwana 13. Mowa wa muyezo womwewo sutalikira pamenepo. Maheu a m'sitolo ndi zakumwa zosungunula ndi madzi nazonso n'zothira shuga. Werengani pabotolo magalamu a shuga pa 100 ml. Nkhomaliro yotchuka ija ya theka la buledi ndi chakumwa imapitirira makalori 1,000, koma pofika 3 koloko njala yabweranso.

3. Idyani katatu, ndipo mbale ikhale yodzaza

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Gawani mbale motere: theka ndiwo zamasamba, gawo limodzi la magawo anayi nsima, gawo lotsalalo zomanga thupi.

Nsima isachoke. Mtanda umodzi waukulu ngati chibakera chanu uli ndi makalori apakati pa 200 ndi 250. Amene amadya itatu atsikire pa iwiri kwa masabata awiri, kenako umodzi ndi theka. Wogwira ntchito ya thukuta, womanga nyumba kapena wokankha ngolo ku Mbare Musika, asatsike kupitirira iwiri. Ufa wa mgaiwa umakhalitsa m'mimba kuposa woyera chifukwa gaga akadalimo. Mbatata yowiritsa, maungu ndi mpunga zilowe m'malo mwa nsima, osati kukhala pambali pake.

Zomanga thupi ndizo zimaletsa njala ndi kuteteza minofu kuti isasungunuke limodzi ndi mafuta. Munthu wamkulu amene akuchepetsa thupi afune magalamu 25 mpaka 30 pa chakudya chilichonse. Dzira limodzi lili ndi 6. Kapu ya nyemba kapena khobwe wophika ili ndi 15. Kapu ya mkaka kapena lacto (mkaka wowawasa) ili ndi 8. Matemba ouma a ku Kariba odzaza dzanja, magalamu 30, amapereka pafupifupi 18. Nyama ya soya youma (soya pieces) ndi theka zomanga thupi, ndiye magalamu 50 amapereka pafupifupi 25. Nyama ya nkhuku yaikulu ngati chikhatho imakwanitsa muyezo wonse payokha. Madora (mphalabungu) ndi nzama nazo zili m'gulu lomweli. Palibe chifukwa chogulira maufa odula a m'zitini.

Matemba aviikeni kaye m'madzi ofunda mphindi 10 n'kutaya madziwo kuti mchere uchepe, ndipo muwaphike ndi tomato m'malo mowakazinga m'mafuta ambiri. Mchere wa tsiku lonse usapitirire magalamu 5, sipuni yaing'ono imodzi.

Masamba idyani mosaumira: rape, covo, tsunga (mpiru), kabichi, nkhwani, luni, therere, ndi mfutso nthawi ya chilimwe. Masamba ndi zipatso pamodzi zikwane magalamu 400 patsiku. Nsinjiro ndi chiponde n'zabwino, koma n'zodzaza mafuta: mtedza wodzaza dzanja ndi makalori pafupifupi 170. Mukatendera, musathirenso mafuta. Chimodzi chikwana.

Tsiku limodzi lingaoneke chonchi. M'mawa phala la mgaiwa lothira sipuni ya chiponde, mazira awiri owiritsa ndi tiyi wa sipuni imodzi. Masana mtanda wa nsima, kapu ya nyemba ndi covo wambiri, zotengera kunyumba m'kontena. Cha m'ma 4 koloko, musanapite ku renki, nthochi kapena gwafa ndi kapu ya lacto, kapena maputi (chimanga chokazinga chophulika) opanda mafuta ndi mtedza pang'ono. Madzulo mtanda umodzi, matemba ndi nkhwani. Kachakudya ka 4 koloko kameneka anthu amakaona ngati kubera, chonsecho ndi komwe kamapulumutsa chakudya chamadzulo.

Magetsi akamazimazima anthu amathawira ku buledi ndi tchipisi. Tsiku lomwe ayaka, phikani nyemba zambiri, wiritsani mazira ndi mbatata za masiku awiri. Nyemba zoviika usiku wonse zimapsa msanga ndipo sizitha gasi.

4. Zindikirani ngati mwachepetsa mopyola

Popanda kuyang'aniridwa ndi achipatala, amayi asatsike pansi pa makalori 1,200 patsiku ndipo abambo 1,500. Ambiri amatsika bwinobwino akudya zoposa pamenepa. Simufunika kuwerenga kalori iliyonse, thupi limanena lokha: chizungulire mukadzuka pampando, kuzizidwa ena akumva bwino, kudzimbidwa, kupsa mtima msanga, kudzuka pakati pa usiku ndi njala, kulingalira chakudya tsiku lonse. Kwa amayi msambo umasokonekera kapena kusiya. Tsitsi limayamba kuthothoka patatha miyezi iwiri kapena itatu, ndiye ambiri salumikiza ndi njala ija. Kuonda mothamanga kumawonjezeranso mpata wa timiyala ta m'ndulu.

Thupi limachita ngati banja lomwe malipiro achepa: limadula zogula. Mumayenda pang'ono, mumakhala pansi nthawi yaitali osazindikira, ndipo timadzi toyambitsa njala timachuluka. Mukaona zizindikiro ziwiri kapena zitatu mwa izi, onjezerani chakudya cha makalori 200 mpaka 300 patsiku, monga dzira ndi mbatata, n'kuona kwa masabata awiri.

Matiyi "osungunula mimba" ogulitsidwa pa WhatsApp ambiri amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Chotsika pasikelo ndi madzi, ndipo amabwerera mukangomwa.

5. Yendani, ndipo nyamulani kanthu

WHO imalimbikitsa mphindi 150 mpaka 300 pasabata zoyenda mwandawala kapena zofanana nazo, ndi masiku awiri olimbitsa minofu. Tsikani kombi patali pang'ono n'kumaliza ndi miyendo, kapena zungulirani Harare Gardens nthawi ya nkhomaliro. Mwandawala ndi pamene mutha kulankhula koma osatha kuimba. Mu Okutobala yendani m'mamawa dzuwa lisanakwere. Za minofu, zigubu ziwiri za malita 5 zikwana: zinyamuleni, khalani pampando n'kudzuka maulendo 10 mpaka 12, pumulani, bwerezani katatu.

Musadzinamize kuti kuyenda kumalipira chilichonse. Mphindi 30 zimatentha makalori pafupifupi 150, osakwana botolo limodzi lija la chakumwa chozizira. Gonaninso maola 7 kapena kuposa. Wosagona amamva njala yambiri mawa lake.

6. Musalole sikelo ikulamulireni mtima

Sabata yoyamba ena amatsika makilogalamu awiri n'kusangalala. Ambiri mwa makilogalamu amenewo ndi madzi, chifukwa shuga wosungidwa m'chiwindi ndi m'minofu amagwira madzi ochuluka katatu kulemera kwake. Sabata yachiwiri ikangopereka theka la kilogalamu, sikuti zalephereka, ndiye zayamba kuyenda bwino.

Dziyezeni pa sikelo imodzimodzi, m'mawa mutachoka kuchimbudzi musanadye, itaikidwa pa simenti osati pa kapeti. Sikelo zolipira za m'misewu ya m'tauni zimasiyana, komanso mumakwerapo ndi nsapato ndi jekete. Yezani katatu pasabata, phatikizani n'kugawa ndi 3, ndipo yerekezani sabata ndi sabata. Chakudya cha mchere wambiri, kudzimbidwa kapena msambo ukayandikira zingakweze kilogalamu imodzi kapena ziwiri za madzi okha.

Tengani tepi ya telala muyeze mimba pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, mutapumira kunja, kamodzi pa masabata awiri. Kupitirira masentimita 80 kwa amayi ndi 94 kwa abambo ndi pamene chiopsezo cha shuga ndi BP chimayamba kukwera. Nthawi zina sikelo imaima koma siketi n'kumakhwepa.

Chothandiza kwambiri kuti musagwe ulesi ndi kuwerenga zochita zanu, osati makilogalamu okha. Pakalendala chongani zinthu zitatu tsiku lililonse: ndadya katatu, ndayenda, sindinamwe cha shuga. Masiku asanu pa asanu ndi awiri ndi sabata yabwino.

Sikelo ndi tepi zikaima zonse kwa masabata atatu kapena anayi, chifukwa chake n'chodziwika: thupi lopepuka limafuna chakudya chochepa, komanso mitanda ndi masipuni zimakula pang'onopang'ono osazindikira. Lembani chilichonse cholowa m'kamwa kwa masiku atatu, kuphatikiza zolawa pophika ndi zotsalira za ana. Kenako sinthani chinthu chimodzi, kaya kuchotsa makalori 100 mpaka 150 kapena kuwonjezera mphindi 15 zoyenda. Ngati mwatopa nazo, pumulani sabata imodzi kapena ziwiri mukudya zongosunga kulemera komwe mwafika, n'kuyambiranso.

7. Konzekerani za anthu

Kwathu kunenepa ambiri amakutenga ngati kupeza bwino, ndipo woonda amafunsidwa ngati akudwala. Auzeni a pabanja panu tsiku loyamba, ndipo khalani ndi yankho lalifupi la apongozi ndi a kumpingo: "Ndikusamala BP." Limatseka nkhani msanga kuposa kufotokoza za makalori.

Pamaliro, paukwati kapena pachinkhoswe kukana chakudya n'kunyoza, ndiye musakane. Idyani kanthu musanachoke kunyumba, landirani mbale imodzi, yambani ndi ndiwo, chakumwa chikhale madzi. Mukapyola muyezo, mawa lake idyani kadzutsa monga mwa masiku onse. Kusala tsiku lonse pofuna kulipira n'komwe kumakubwezerani pamzere wa tchipisi. Ndipo musaphike mphika wanokha: mafuta ochepa ndi masamba ambiri n'zoyenera nyumba yonse, kungoti ana asachepetsedwe nsima.

8. Ena ayambire kukiliniki

Odwala shuga amene akumwa glibenclamide kapena kubaya insulin aonane ndi achipatala asanachepetse chakudya, chifukwa shuga angatsike kwambiri mpaka kukomoka, ndipo mlingo wa mankhwala ungafunike kusintha. A BP aziyezetsa pafupipafupi pamene thupi likutsika. Mayi woyembekezera asachepetse thupi, woyamwitsa afunse kaye anamwino. Ena omwa ma ARV okhala ndi dolutegravir amanenepa. Mankhwalawo asasiyidwe ngakhale tsiku limodzi, nkhaniyo ikambidwe kukiliniki ya khonsolo komwe amalandirira. Ndipo ngati thupi likutsika lokha musanasinthe kadyedwe, makamaka limodzi ndi chifuwa, thukuta la usiku, ludzu losatha kapena kukodza pafupipafupi, kayezetseni TB, HIV ndi shuga sabata yomweyo.