Mmene mungasanjire marapa a ku Nigeria osayambana ndi anzanu

Mkangano wa marapa a ku Nigeria sumatha, pometera tsitsi ku Area 25 mpaka mu minibasi yopita mtauni. Ngati mukufuna kupanga listi yanu yambani ndi kusiyanitsa rapa ndi woimba. Burna Boy ndi Wizkid achotseni kaye, amenewo ndi a Afrobeats.

Kenako mvetserani ma album athunthu osati kagawo ka pa TikTok. M.I Abaga yemwe anakulira ku Jos mumuyeze pa mawu, Mode 9 chimodzimodzi, ma punchline ake (mizere yobaya ija) amafuna kubwereza kawiri kuti muwamve. Vuto limakhala pa Olamide ndi Phyno, wina amarapa m'Chiyoruba winayo m'Chiigbo nde ife kuno sitimva zonse, koma musawapatse malikisi ochepa chifukwa cha zimenezo, mvetserani flow (mmene mawu akuyendera pa biti) komanso onani mmene anthu akwawo amaimbira nawo pa shoo.

Onaninso amene anatsegulira anzawo njira. Dagrin anamwalira mu 2010 pa ngozi ya galimoto akadali mnyamata koma rap ya Chiyoruba anaikweza kwambiri, kwa ine pa asanu oyamba sachoka. Olamide naye ku kampani yake ya nyimbo ya YBNL anakweza Fireboy DML ndi Asake. Ma views a pa YouTube muwaike kumapeto, amapusitsa.