Momwe mungakonzere ulendo wa banja wokaona mabwinja a Machu Picchu

Ngati mwatsimikiza zotenga banja kukaona mabwinja a mafumu a Inca ku Peru, musathamangire tikiti ya ndege. Yambani ndi matikiti olowera ku Machu Picchu kwenikweniko. Boma la Peru limalola anthu owerengeka patsiku, ndipo m'miyezi ya June, July ndi August malo amatha kudakali milungu yambiri. Miyezi yabwino kuyenda ndi May mpaka September, kopanda mvula. Masana dzuwa limaswa mtengo, koma usiku kumazizira kolowa m'mafupa, choncho majuzi asatsale.

Pa tikitiyo amalembapo dzina lanu, nambala ya pasipoti, ola lolowera ndi njira yomwe mukatsate mkatimo. Kwa oyamba kupita, sankhani Circuito 2: ndiyo imakufikitsani pamalo ojambulira chithunzi chotchuka choonetsa mabwinja onse, kenako nkukutsitsirani pakati pa nyumba ndi akachisi. Ife tinalipira 152 soles (ndalama ya ku Peru) munthu wamkulu, ana yocheperapo. Gulani pa webusaiti ya unduna wa zachikhalidwe wa Peru. Pa intaneti pali madobadoba ambiri okhala ndi masamba ooneka ngati a boma, amene amagulitsa tikiti yomweyo ataikapo yawo pamwamba. Mukasintha pasipoti mutagula kale, nyamulani ndi yakaleyo, chifukwa pageti amafananiza manambala.

Za viza funsani ku ofesi ya kazembe wa Peru ku Pretoria. Ndege zake mudutsira Johannesburg kapena Addis Ababa, kenako São Paulo, Lima, nkumalizira ku Cusco.

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndikupemphani muwerenge mofatsa. Mzinda wa Cusco uli pa mamita pafupifupi 3,400. Nsonga ya Sapitwa ku Mulanje ili pa 3,002, kutanthauza kuti mukamatsika ndege muli kale pamwamba kuposa pomwe phiri lathu lalitali limathera. Lima ali m'mbali mwa nyanja, ndipo ndege imakuchotsani kumeneko nkukuikani m'mwambamo pasanathe maola awiri, thupi lisanazolowere. Mpweya wake ndi wopepuka: mukakoka kamodzi, okosijeni yolowa m'mapapo imachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi kunyanja. Matenda obwera chifukwa cha kuchepa kwa okosijeniku eni dziko amawatcha soroche, ndipo sasankha kuti uyu ndi wamasewero kapena ndi gogo.

Kampani yomwe inatikonzera ulendo inatigoneka mu Cusco momwemo, nkutiikira kuti m'mawa mwake tikwere ku Sacsayhuamán, mabwinja a miyala ikuluikulu omwe ali pamwamba pa mzindawo. Mzime wathu anafika bwinobwino, akuthamangathamanga pabwalo la ndege. Chakumadzulo anayamba kudandaula mutu, anakana chakudya, pakati pa usiku nkuyamba kusanza. Mayi ake anamukhazika pamiyendo, milomo yake itatuwa, akupumira m'mwamba. Mnyamata wa pahotela anabwera ndi kasilinda ka okosijeni ndi kachipangizo kopana chala koyezera okosijeni, nkutiuza kuti zoterezi amaziona sabata iliyonse. Mwana anapezako bwino, koma mtima unakhala pansi titatsikira kuchigwa m'mawa mwake. A kampani aja ndalama ya tsiku lomwe tinaphonyalo sanabweze.

Ndiye inu chitani chonchi. Mukatsika ndege musagone mu Cusco. Kwerani galimoto nthawi yomweyo mutsikire kuchigwa cha mtsinje wa Urubamba, mukagone ku Ollantaytambo komwe kuli pa mamita pafupifupi 2,800, ulendo wa maola awiri kapena kucheperapo. Khalani kumeneko masiku awiri kapena atatu. Tsiku loyamba musakwere chilichonse, idyani zopepuka, imwani madzi ambiri, mowa usiyeni kaye. M'mahotela amapereka tiyi wa masamba a coca. Akuluakulu imwani, koma masambawo musayerekeze kubwera nawo kuno, m'mayiko ambiri ndi mlandu. Musananyamuke kaonaneni ndi dokotala za mankhwala a acetazolamide othandiza pa soroche, makamaka ngati pali wa BP kapena wa mphumu. Munthu akamachita befu atangokhala, akamadzandira kapena kulankhula zosokonekera, musadikire kuche: mutsitseni ndipo itanani dokotala. Cusco mudzamuone kumapeto, thupi litazolowera. Machu Picchu payokha ili m'munsi, pa mamita 2,430, sivuta kwenikweni.

Masiku a kuchigwawo si otaya ayi. Gulani Boleto Turístico, tikiti imodzi ya 130 soles yomwe imagwira masiku 10 ndipo imakulowetsani m'mabwinja a ku Ollantaytambo, Pisac, Moray, Chinchero ndi Sacsayhuamán. Minda ya mchere ya ku Maras njolipira padera. Ku Ollantaytambo madzi akuyendabe m'ngalande zomwe a Inca anamanga m'mbali mwa tinjira ta m'mudzimo, ndipo pamwamba pa masitepe pali miyala yosemedwa nkulumikizidwa popanda matope kapena simenti, moti ngakhale lezala singalowe pakati. Ana anga anaima pamenepo nthawi yaitali akusisita ndi zala. Wotsogolera alendo tengani wokhala ndi chiphaso chapakhosi, ndipo mtengo mugwirizane musanayambe kuyenda. Otsogolera odikirira pageti amanenerera mtengo.

Tsopano za kuyenda pansi. Njira yotchuka ya Inca Trail imatenga masiku anayi, makilomita pafupifupi 43, ndipo imadutsa pampata wa pakati pa mapiri wa Warmiwañusca, mamita oposa 4,200. Amalola anthu 500 okha patsiku kuphatikizapo onyamula katundu, mu February amatseka, ndipo simungalowemo popanda kampani yovomerezeka. Kwa banja la ana ine sindingailimbikitse. Tengani yaifupi yoyambira pa Km 104 ya njanji: sitima yochokera ku Ollantaytambo imakutsitsani m'mbali mwa mtsinje, mumakwera kudutsa mabwinja a Wiñay Wayna, nkutulukira pa chipata cha Inti Punku chakumasana, Machu Picchu ili poteropo kunsi kwanu. Ndi makilomita ngati 12, masitepe ambiri, mawondo amamva ndithu. Chilolezo chakenso chimafuna kugula kudakali miyezi. Agogo ndi ana aang'ono apitirire ndi sitima mpaka ku Aguas Calientes, tauni ya m'munsi mwa phiri la Machu Picchu, mukakumane madzulo.

Sitima zilipo za PeruRail ndi Inca Rail. Tengani yotsika mtengo, njanji ndi imodzi yomweyo. Masutikesi asiyeni kuhotela. Kuchokera ku Aguas Calientes basi imakwera phirilo kwa theka la ola, ife tinalipira madola 12 ulendo umodzi, ndipo mzere wake umafuna kulawirira.

Mkati mwa Machu Picchu mulibe zimbudzi, zili panja pageti, zolipira 2 soles, ndipo mukatuluka simulowanso, choncho ana apite kaye. Maambulera ndi zikwama zazikulu salola. Dzolani mankhwala othamangitsa tizilombo, kuli tintchentche toluma kwambiri. Mbiri ya mfumu Pachacuti, yemwe anamangitsa malowa cha m'ma 1450, ndi ya Hiram Bingham, wofufuza wa ku America yemwe anafikako mu 1911, wotsogolera akufotokozerani. Pobwerera gulani mondokwa wa maso akuluakulu ndi tchizi kwa amayi a pasiteshoni, ndipo mu Cusco, olimba mtima alaweko mbira yootcha.