Momwe mungayankhire funso la "How long have you been...?" popanda kuphonya

Pali funso limodzi la Chingerezi limene munthu wa kuno ku Mulanje sangalizembe. Mlendo wakunja akamakwera phiri kudzera ku Likhubula, asanafike n'komwe pa Dziwe la Nkhalamba amakhala atamufunsa kale womutsogolera kuti, "How long have you been doing this job?" Pa intavyu ya ukalaliki ku esiteti ya tiyi funsoli limabweranso. Ambiri timalimva bwinobwino, koma poyankha timati, "I am working here since 2018." Wofunsayo amamva ndithu zimene tikutanthauza, kungoti chiganizo chotere pa mayeso a MSCE chimatayitsa malikisi, ndipo m'kalata yofunsira ntchito chimaonekera patali.

Choyamba, dzifunseni ngati chinthucho chikuchitikabe

Musanatsegule pakamwa, ganizirani: kodi zimene ndikufuna kunenazi zinayamba kale ndipo mpaka lero zikupitirira? Ngati ndi choncho, kalankhulidwe kofunika ndi ka have been.

Apa Chichewa chimatithandiza, komanso ndi chomwecho chimatipunthwitsa. Timati "ndakhala ndikuthyola tiyi kwa zaka zisanu," ndipo kakonzedwe kameneka n'kofanana kwambiri ndi ka Chingerezi: "I have been plucking tea for five years." Koma timanenanso kuti "ndikugwira ntchito kuno kuyambira 2018," chimene ndi Chichewa chabwinobwino. Chiganizo chachiwirichi n'chimene timachitembenuza mwachindunji n'kutulukira "I am working since." Choncho m'mutu mwanu yambani ndi "ndakhala ndiku...", osati "ndiku..." yekha.

Chachiwiri, manganitu mawu atatu

Pamafunika have kapena has, kenako been, kenako mneni wothera ndi ing. Atatuwa ali ngati mafuwa, mukachotsa limodzi mphika ugwa. Have amayenda ndi I, you, we ndi they. Has amayenda ndi he, she, it kapena dzina la munthu mmodzi. Been sasintha.

"We have been walking for three hours."
"My mother has been selling pineapples at Chitakale since last year."
"People have been growing tea in Mulanje since the 1890s."

Chachitatu, sankhani pakati pa for ndi since

Apa m'pamene pagona nkhani, ndipo ngakhale anthu ophunzira bwino amaterereka pomwepa. For amanena kutalika kwa nthawi: for two hours, for six years, for a long time. Since amaloza pamene chinthucho chinayambira: since Monday, since 2018, since six o'clock.

Njira yachidule ndi iyi. Ngati nthawiyo mungaiwerenge ndi zala, kaya ndi maola, masiku kapena zaka, ikani for. Ngati mungailoze pa kalendala kapena pa wotchi, ikani since. Tiyerekeze kuti chiperoni chayamba Lachiwiri, lero ndi Lachisanu, phiri lonse labisika m'nkhungu ndipo zovala sizikuuma pachingwe. Munganene kuti "It has been raining since Tuesday," kapena "It has been raining for three days." Zonse ziwiri n'zolondola ndipo zikunena chinthu chimodzi. Chosatheka ndi "since three days." Mukachimva pakamwa pa munthu wovala tayi, musatengere.

Pambuyo pa since simukakamizidwa kuika deti. Mutha kuika chochitika, bola mneni wake akhale wa nthawi yapita: "I have been carrying bags on the mountain since I finished Form 4." Kapena ichi, chimene mabanja ambiri kuno angachinene moona: "We have been living with relatives since Cyclone Freddy destroyed our house in March 2023." Taonani finished ndi destroyed, osati have finished.

Kanthu kena kakang'ono: all day, all night ndi all week safuna for patsogolo. Timangoti, "She has been waiting all day."

Chachinayi, dziwani aneni okana ing

Pali aneni ena amene sanena za ntchito yochita ndi manja koma za mmene zinthu zilili, monga know, own, be, komanso have akamatanthauza kukhala ndi chinthu. Amenewa salandira ing. "I have been knowing him" n'cholakwika, nenani kuti "I have known him since primary school." Wakabaza anena kuti "I have had this bicycle for four years," ndipo have had ameneyu ndi wolondola ngakhale akumveka ngati chibwibwi. Kwa inu otsogolera alendo, nachi chiganizo choti mukhale nacho m'thumba: "Mulanje Mountain has been a World Heritage Site since 2025." Live ndi work amalola njira zonse ziwiri, "I have lived in Limbuli for ten years" ndi "I have been living in Limbuli for ten years" kusiyana kwake n'kochepa, musadwale nako mutu.

Chachisanu, ngati zinatha, siyani have been

"I worked at the estate for three years" akutanthauza kuti munasiya. "I have been working at the estate for three years" akutanthauza kuti mukadali komweko. Pa intavyu kusiyanaku n'kwakukulu, chifukwa bwana akamva chachiwiricho adzakufunsani kuti abwana anu apanowa mwawauza kale kapena ayi. Nayenso ago amayenda ndi nthawi yapita basi: "I started six years ago." Musamuphatikize ndi have been.

Kenako phunzitsani khutu

Eni chinenerochi polankhula amadula mawu. I have been amamveka I've been, she has been amamveka she's been. S ameneyu ndi has, osati is. Pokana, kawirikawiri amati, "I haven't seen him since Friday."

Kuti zikhazikike, lembani ziganizo zisanu zonena za inu eni: kumene mukukhala, ntchito kapena sukulu yanu, foni imene muli nayo, mnzanu amene munadziwana naye kalekale, ndi nyengo ya sabata ino. Chilichonse mulembe kawiri, koyamba ndi for, kachiwiri ndi since, kenako muziwerenge mokweza. Pocheza wamba simufunika chiganizo chonse. Mlendo akafunsa pamtsetse mpweya uli m'mwamba, "For six years" kapena "Since 2018" n'zokwanira. Chiganizo chathunthu muchisungire kalata ndi mayeso.